Masipika obwereka ku Chinamwali: tsiku limene mpingo unamveka kuposa maiki

Amene muli m'makomiti a mipingo kuno ku Zomba ndipo mukufuna zokuzira mawu za tsiku lalikulu, kaya ndi tsiku la makwaya, Paper Sunday kapena msonkhano wa amayi a Mvano, ndikulangizani kuti mukaonane ndi abambo ena amene ali ndi kashopu kokonzera mawailesi ku Chinamwali. Dzina lawo sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe chilolezo, koma mukafunsa anyamata a kabaza pa siteji za abambo a masipika a ku tchalitchi, akulozerani. Zida zawo si zapamwamba kuposa za ena, ndipo zofooka ali nazo, ndizitchula. Chimene ndikuwayamikira nacho n'chakuti amadziwa kuti chipembedzo si konsati, ndipo amaigwira mikisa yawo, chida chokwezera ndi kutsitsira mawu a maiki iliyonse, ngati munthu wodziwa zimenezo.

Mpingo wathu ndi wa CCAP, Sinodi ya Blantyre, cha ku Matawale. Ndine msungichuma wa komiti yokonza zochitika, ndimaimbanso alto mu kwaya ya amayi. Ndinapuma pa ntchito ya unamwino, choncho nkhani ya makutu imandikhudza kawiri.

Lamulungu m'mawa yendani kuchokera ku Chikanda kudutsa Mpondabwino mpaka ku Sadzi, mumve mmene masipika amapikisirana. Tchalitchi chili apa, felosipi ili m'kalasi la sukulu chapafupi, aliyense wakweza kuti amveke kuposa mnzake. Phokoso lokhalo silindidetsa nkhawa kwambiri. Chimene chimandiwawa ndi chimene phokosolo limachita kwa anthu amene ali m'katimo. Munthu mmodzi akagwira maiki n'kukwezedwa mpaka malata kunjenjemera, ena onse amasiya kuimba. Amangotsegula pakamwa pang'ono, kenako amatseka, n'kuyamba kumuyang'ana. Munthu amene sakudzimva yekha, amene sakumvanso woyandikana naye pa benchi, saimba nthawi yaitali. Anthu anachoka kunyumba kudzapembedza Mulungu, koma pofika pakati pa mapemphero asanduka oonerera, ndipo maso onse ali pa mnzawo. Zaka zapitazi ndaona kuti amene wakhala kuseri kwa mikisa ali ndi mphamvu pa chipembedzo kuposa mmene ife akulu a mpingo timaganizira.

Abambowa anabwera Loweruka, tsiku la makwaya lisanafike, alibe chida chilichonse, kope lokha m'manja. Analowa m'tchalitchi, anaima pakati, anaomba m'manja kamodzi n'kutchera khutu. Tchalitchi chathu chilibe siling'i, pansi ndi simenti, makoma ndi a pulasitala, ndiye mawu amagunda uku n'kubwerera uko. Atatero anayamba kundifunsa: "Amayi, agogo amakhala mbali iti? Nanga amayi a ana kumbuyo? Nyimbo za m'buku amayambitsa ndani? Pali Mgonero?" Anapempha ndondomeko yonse ya chipembedzo, kuyambira nyimbo yolowera mpaka madalitso, n'kuilemba. Ena amene tinkawabwereka kale ankafunsa funso limodzi lokha, loti soketi ili pati.

M'mawa mwake anafika ndi anyamata awiri. Katundu wawo anali masipika anayi a msinkhu wapakati okhala pa miyendo yachitsulo, ampulifaya, mikisa, maiki awiri opanda waya, ena a waya a mtundu wa Shure SM58, maiki awiri aatali oonda ojambula kwaya yonse pamodzi, monita imodzi, sipika yoika pansi kuti woimba azidzimva, ndi kajenereta. Mabokosi aakulu a besi amene amagwedeza chifuwa aja sanabweretse. Ati amenewo ndi a ku ukwati ndi ku zinkhoswe.

Masipika awiri anawaika kutsogolo, koma patsogolo pa gome ndi pomwe pamaima makwaya, osati kumbuyo kwawo. Kulira kwa tswiii kumene kumatidzidzimutsa pakati pa pemphero kumachitika maiki ikamva mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezanso mu sipika momwemo, mozungulirazungulira. Sipika ikafulatira maiki, vutolo limachepa kwambiri. Ena awiriwo anawaika pakati pa tchalitchi, motsitsa. Anandifotokozera kuti mawu onse akamachokera kutsogolo, umakakamizika kukweza kuti a kumapeto amve, ndiye a mabenchi oyamba amavutika, malata nawo n'kumabweza phokosolo mpaka mawu kusokonekera. Masipika ambiri olankhula pang'onopang'ono amamveka bwino kuposa awiri okuwa. Pa maiki ya pa gome anachepetsa besi kuti mawu a abusa asamagunde ngati akulankhulira m'mgolo, ndipo eko sanaikepo ngakhale pang'ono.

Ali ndi pulogalamu pa foni yoyezera kukula kwa phokoso, ndipo ndinkawaona akuisuzumira nthawi ndi nthawi. Izi zinandikondweretsa monga namwino. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa muyezo woti m'malo a zisangalalo phokoso lisapitirire ma decibel 100 powerengera mphindi 15, ndipo umenewo ndi muyezo wa malo ovinira. M'malo a ntchito, phokoso la ma decibel 85 kwa maola 8 ndi pamene pamayambira chiopsezo. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikawonongeka sitimeranso. Ndiye taganizirani khanda lili kumsana kwa mayi ake, mutu uli pafupi ndi sipika, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Abambowa anasuntha okha benchi ya amayi a ana kuti italikirane ndi sipika yapakati, palibe amene anawauza.

Koma chimene chandipangitsa kulemba zonsezi chinachitika pa nyimbo yoyamba ya m'buku. Mkulu wa mpingo anatchula nambala, anayambitsa mzere woyamba pa maiki, ndipo anthu atangolandira, abambowa anatsitsa maikiyo mpaka inatsala pang'ono kuzimiratu. Kiyibodi anaisiya pansipansi, yongothandiza kuti tisatsike kapena kuthamanga. Ndinamva besi ya madoda a kumanja imene ndinali nditaiwala kuti ilipo mu mpingo mwathu. Ndinamva amayi a Mvano akukoka mawu monga amachitira pa maliro, pamene palibe magetsi ndipo palibe amene akufuna kuoneka. Ndime yachitatu isanathe tchalitchi chonse chinali chikuimba, achinyamata omwe, ndipo panalibe munthu woti n'kumuloza kuti uyu ndiye akuimba. Mawu a nyimboyo ankanena za chiyero cha Mulungu, ndipo tinkawamva, tinkawanena tokha ndi pakamwa pathu.

Zokuzira mawu zili ndi malo ake m'nyumba ya Mulungu, sindikuzikana. Pa Nehemiya 8 anthu anamangira Ezara nsanja ya mitengo kuti aimepo powerenga chilamulo, ndipo Alevi ankawerenga momveka n'kumatanthauzira kuti anthu azindikire. Nsanjayo inamukweza Ezara pamwamba pa anthu onse, koma atatsegula buku n'kulemekeza Yehova, anthu anayankha Amen, anakweza manja, anawerama nkhope pansi. Palibe pamene palembedwa kuti anachoka akukamba za mawu okoma a Ezara. Paulo naye pa 1 Akorinto 14 akufunsa kuti munthu wamba adzanena bwanji Amen pa chiyamiko chako ngati sakudziwa chimene ukunena. Ndiye muyezo umene ndimayezera masipika tsopano: kodi agogo a pa benchi yomaliza amva mokwanira kuti avomere Amen wochokera mumtima, ndipo kodi Amen wawoyo amveka?

Panali kusamvana pang'ono itafika nthawi ya praise team. Mtsogoleri wawo ndi mnyamata waluso, wakhama, sajomba ku mapemphero a m'milaga, ndipo ndimamukonda ngati mwana wanga. Poyesa maiki anati, "Ankolo, kwezani yangayi, sindikudzimva. Muikemonso ka eko."

Abambo aja anakweza monita ya pa mapazi ake pang'ono, n'kufunsa, "Pano mukudzimva, achimwene?"

"Ndikudzimva, koma kunjaku sikukutuluka."

"Kukutuluka mofanana ndi anzanuwo. Ndikakukwezani kuposa apa, amayi ali kumbuyoku asiya kuimba, ayamba kukuonerani. Inu ntchito yanu ndi kuwayambitsa."

Analankhula mofatsa, osamuchititsa manyazi pa anzake. Mnyamatayo nkhope inagwa, koma anaimba, ndipo anatsogolera bwino kuposa masiku onse, chifukwa pamene ankasiya mzere anthu ankaulandira, iye n'kumawamva akuulandira.

Sindimuimba mlandu mwana ameneyu. Zimene akudziwa anaziona pa YouTube ndi pa Facebook, pomwe kamera imakhala pa nkhope ya woimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anaziphunziranso kwa ife makolo. Ndife amene timadzuka pakati pa nyimbo yopembedza kukamufupa woimba ndalama pachipumi, nthungululu zili pakamwa, ngati tili pa chinkhoswe. Ndife amene potuluka timati lero kwaya yakuti yaswa, osakumbuka n'komwe kuti nyimboyo inkati chiyani za Yesu. Mwana amene wakula akuona zimenezi angaganize bwanji kuti maiki si yake? Ndipo tamverani makolasi ambiri amene tikuimba masiku ano: za kukwezedwa kwanga, za adani anga amene achite manyazi, za chaka changa chino. Masalmo nawonso ali ndi "ine" wambiri, Davide sankabisa misozi yake kapena adani ake. Koma salmo likayamba ndi mavuto a munthu limakafika pa Yehova, pa chifundo chake, pa ntchito zake, ndipo limakhazikika pamenepo. Makolasi athu ena amayamba ndi ine n'kutsiriza ndi ine, Mulungu n'kungokhala wotumidwa kukatenga zimene ndikufuna. Izi mikisa singakonze. Koma mawu akamamveka bwinobwino, opanda eko ndi ng'oma za kiyibodi zowaphimba, munthu umayamba kumva chimene ukuimba, ndipo ena mwa makolasiwo umachita nawo manyazi.

Yohane Mbatizi, ophunzira ake atadandaula kuti anthu onse akupita kwa Yesu, anadzitcha bwenzi la mkwati, amene amaima n'kumvetsera, n'kukondwera ndi mawu a mkwatiyo. Kwathu kuno tingati ankhoswe. Ankhoswe amathamanga kuposa wina aliyense, popanda iwo ukwati suyenda, koma palibe amene amaphika thobwa kuti adzaone ankhoswe. Woimba, woimba kiyibodi, mlaliki, wa masipika, tonse amene timaima kutsogolo ntchito yathu ndi imeneyo, ndipo pa ndime yomweyo ya Yohane 3 ndi pamene Yohane Mbatizi akunena kuti Yesu ayenera kukula, iye achepe.

Nkhani ina imene anatithandiza ndi ya mafulashi. Makwaya ambiri tsopano akajambulitsa nyimbo ku studio amabwera ndi fulashi, wa masipika n'kuika nyimboyo ndi mawu ake omwe, iwo n'kumangovina ndi kuyendetsa milomo. Abambowa anatifunsa Loweruka lomwe lija kuti tikufuna atani makwaya akabwera ndi zimenezi. Anati iwo sakana, fulashi amaika, koma ndi bwino abusa ndi akulu a mpingo agamule okha nthawi isanakwane, kusiyana n'kukangana pa mikisa anthu ali chete kudikira. Bwalo la akulu linagamula kuti zida zojambulidwa zikhoza kulira, koma mawu akhale a pakamwa. Makwaya ena anavutika, wina anayamba mokweza kwambiri n'kulephera kufika pamwamba, ena anaiwala ndime. Komabe ine ndinakondwa. Nsembe ya milomo imene Ahebri 13 ikunena ndi ya milomo ya anthu amene aima pamenepo tsiku limenelo, ngakhale ikhale yosasalala. Mawu ojambulidwa chaka chatha, okonzedwa ndi kompyuta, amateteza ulemu wa kwaya, koma sindikuona chimene akupereka kwa Mulungu.

Makolo a chikhulupiriro chathu ankaliopa kwambiri vuto limeneli. Ku Geneva, m'nthawi ya John Calvin, ankaimba masalmo popanda chida chilichonse. Mpingo wa ku Scotland umene unatumiza amishoni ku Blantyre mu 1876, n'kudzatsegula Domasi mu 1884, unali utangoyamba kulola limba m'matchalitchi m'zaka za m'ma 1860, patatha mikangano yaikulu. Ine sindikufuna kuti tibwerere kumeneko. Salmo 150 likutchula malipenga, azeze, ng'oma ndi zinganga, ndipo ng'oma ndi visekese zathu zinalowa m'tchalitchi movutikira, sitingazitulutsenso. Koma mantha awo anali ndi maziko. Ankaopa kuti luso la ochepa lingalande nyimbo m'kamwa mwa mpingo. Limba silinathe kuchita zimenezo mokwanira, ampulifaya ikutha.

Pa Paper Sunday m'pamene ndinaona malire a ntchito ya abambowa. Mawu ankamveka bwino kwambiri, ndipo kumveka bwinoko kunaonetsa poyera chimene ife tinkachita. Woyendetsa mwambo ankaitana mayina mmodzimmodzi ndi ndalama zake, wopereka zambiri n'kuimbiridwa nyimbo, kuperekezedwa ndi mavinidwe kuchokera pa khomo mpaka kutsogolo. Mayi wina wamasiye amene ndimakhala naye mlaga umodzi anadikira mpaka gulu lalikulu litadzuka kuti alowe pakati, kandalama kake kali kofumbata, kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndikudziwa kuti tchalitchi sichimangidwa ndi mapemphero okha, simenti ndi malata zimafuna ndalama, ndipo monga msungichuma ndimaona kuti kutchula mayina kumakweza chopereka. Koma Yesu pa Mateyu 6 ananena zosaliza lipenga popereka, ndipo pa Marko 12 amene anamuyamikira ndi mayi wa timakobiri tiwiri. Ife tabwereka lipenga lamagetsi kuti tichite chimene anatiletsa. Wa masipika sangatiletse, anaika nyimbo zimene tinamupempha, anapereka maiki kwa amene tinamusankha. Ndapempha komiti kuti chaka chino tizilengeza zopereka za mlaga wonse pamodzi, osati za munthu payekha. Ena avomera, ena akuti ndalama zitsika, nkhaniyo ikadali pa tebulo.

Tsopano zofooka zawo. Waya wa jenereta ndi wamfupi, moti magetsi atazima anaiika pafupi ndi zenera la mbali ya ana a Sande sukulu. Phokoso ndi utsi zinkalowa, mpaka tinakabwereka waya wina kwa oyandikana nafe. Utsi wa jenereta si wosewera nawo, ndipo ndinawauza mosabisa. Mabatire a maiki opanda waya amagula otchipa, ina inathima pakati pa zolengeza. Ngati muli ndi mwambo wautali, gulani nokha mabatire abwino. Alibe buku la malisiti, zimene kwa msungichuma ndi mutu waukulu, anachita kundilembera pa pepala la m'kope n'kusaina. Galimoto alibe, amachita hayala, ndiye tsiku la Paper Sunday anafika mochedwa, anthu atayamba kale kulowa, n'kumakoka mawaya pakati pa mabenchi. Mmodzi mwa anyamata awo ankaseweretsa foni nthawi ya pemphero lopembedzera, pamalo poonekera. Abambowo anamudzudzula titaweruka, koma anthu anali ataona kale.

Mvula ikamagwa pa malata, monga imagwera kuno kunsi kwa phiri, amakakamizika kukweza, ndipo masipika awo apakatiwo amafika pothera mphamvu. Pa chifukwa chomwecho, ngati mukukonza chitsitsimutso cha pa bwalo la mpira, zida zawo n'zochepa, funani ena. Iwonso amanena okha zimenezi, salandira ntchito imene sangaithe.

Tinalipira K170,000 tsiku lonse, kuphatikiza mayendedwe a m'tauni momwe muno. Mafuta a jenereta tinagula tokha. Amafuna theka la ndalama pasadakhale, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lotsalalo mukaweruka. Mtengowu musaugwiritsitse, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu sikukhazikika, ndipo zida zawo zikawonongeka zokonzera zimachokera kunja. Alipo otchipa kuposa iwo, makamaka anyamata a madisiko amene Loweruka usiku amakhala ku phwando, Lamulungu n'kubwera ndi mikisa yosasintha makonzedwe ake. Kwa ine kusiyana kwa mtengoko n'koyenera kulipira.

Nyengo ya Pasaka ndi mwezi wa December amakhala otanganidwa, muwauze kukadali milungu ingapo. Muwapatse ndondomeko ya chipembedzo yolembedwa, muwauze amene adzayambitse nyimbo za m'buku, ndipo nkhani ya mafulashi muigamule iwo asanafike. Mulole kuti abwere tsikulo lisanafike kudzaona nyumbayo, salipiritsa ulendo umenewo ngati muli m'tauni. Mpingo wathu ukusonkha ndalama zogulira tizida tathu ta Lamulungu lililonse, ndipo tawapempha kuti atiphunzitsire achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, kagwiridwe ka mikisa. Avomera kuti azibwera Loweruka masana pa mtengo wochepa, kuyambira mvula ikatha, ndipo mtsogoleri wa praise team uja wapempha yekha kuti akhale mmodzi wa ophunzirawo.